Momwe Tikukonzera Nkhokwe ya Zithunzi za Maikulosikopu ndi Njira Yowerengera Maselo

Zolemba izi ndi za ntchito yosonkhanitsa zithunzi zonse za maikulosikopu za labotale yathu pamalo amodzi, ndiponso yokhazikitsa njira imodzi yoziyezera. Labotaleyi imakulitsa maselo m'mbale za timabowo 96, kenako imawapaka utoto wowala wa mitundu itatu: DAPI yoonetsa nyukiliyasi, ndi ma antibody awiri, wina wowala mobiriwira ndi wina wowala mofiira. Funso la ofufuza ndi lalifupi, lakuti m'kabowo kalikonse muli maselo angati ndipo puloteni imene akuilondola ikuwala motani m'selo lililonse. Chinayambitsa ntchitoyi n'chakuti nambala zolembedwa m'malipoti akale sizinkatheka kuzilondola mpaka kukafika pa fayilo imene zinachokera, choncho cholinga chathu n'chakuti nambala iliyonse izidziwika fayilo yake yoyambirira ndi zonse zimene zinachitika pakati.

8 Januwale: Kalembera wa mafayilo

Tisanagule kanthu tinayamba ndi kulemba zonse zimene zilipo. Zithunzi zinali mbwee pa kompyuta ya maikulosikopu, pa malaputopu a ophunzira ndi pa madisiki oyenda nawo, ndipo zinagawika m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi mafayilo oyambirira amene makinawo amalemba okha. Kampani iliyonse ili ndi mtundu wake: makina a Zeiss amalemba CZI, a Nikon amalemba ND2, a Leica amalemba LIF. M'fayilo yotere mumakhala chithunzi pamodzi ndi metadata yake, ndiko kuti lenzi imene inagwiritsidwa ntchito, nthawi imene kamera inalandira kuwala, kukula kwa pixel imodzi ndi dzina la tchanelo iliyonse (tchanelo ndi chithunzi cha mtundu umodzi wa utoto). Gulu lachiwiri ndi mafayilo a TIFF amene anthu anatulutsa kuchokera m'mafayilo oyambirirawo, ndipo lachitatu ndi ma JPEG ndi ma PNG okonzera misonkhano.

Powerenga metadata tinagwiritsa ntchito Bio-Formats, laibulale ya bungwe la Open Microscopy Environment imene imatsegula mitundu ya mafayilo yoposa 150. M'gulu la zida zake lotchedwa bftools muli lamulo la showinf, ndipo mukaliwonjezera -nopix limawerenga metadata yokha osanyamula chithunzicho, zimene zimafulumizitsa ntchito kwambiri. Tinalemba script yaifupi ya Python yoyenda m'foda iliyonse, kuitana showinf, kuwerengera SHA-256 ya fayilo iliyonse (nambala yaitali yozindikiritsa fayilo, imene imasintha zam'kati mwake zikasintha ngakhale pang'ono) ndi kulemba zonse m'tebulo limodzi.

Tebuloli linaonetsa zinthu ziwiri. Mafayilo ambiri a mayina osiyana anali fayilo imodzi yokoperedwa kangapo. Chodetsa nkhawa kwambiri chinali chosemphana ndi chimenecho: panali mafayilo a dzina limodzi koma a SHA-256 yosiyana, ndipo titawatsegula tinapeza kuti imodzi inawonjezeredwa kuwala n'kusungidwa pamwamba pa dzina lakale. Ma TIFF ambiri analibe kukula kwa pixel. Ma JPEG ndi a 8-bit, kutanthauza magawo 256 a kuwala, pamene fayilo ya 16-bit imatha kusunga magawo 65,536, komanso JPEG imataya zina za m'chithunzi poichepetsa fayilo. Tinagwirizana lamulo loyamba: fayilo yoyambirira ndiyo yoyezera, siisinthidwa ndi munthu aliyense, ndipo JPEG siilowa m'miyezo. Gawoli silinadye ndalama, linadya nthawi ya munthu mmodzi, makamaka podikira madisiki akale amene amawerengedwa pang'onopang'ono.

22 Januwale: Malo ofunika ndi zipangizo

Kamera yathu imajambula ma pixel 2048 m'litali ndi 2048 m'lifupi, ndipo pixel iliyonse imatenga ma byte 2, choncho chithunzi chimodzi ndi pafupifupi 8 MB. Timajambula malo 9 m'kabowo kalikonse pa matchanelo 3, ndiye mbale imodzi imatulutsa zithunzi 2,592, zimene ndi kupitirira 20 GB. Wina akafuna magawo 10 a kuya pa malo aliwonse, mbale yomweyo imapitirira 200 GB. Masamu amenewa ndi amene anatsogolera kugula.

Tinapeza seva yokhala ndi RAM ya 64 GB, SSD ya opaleting'i sisitemu ndi database, ndi madisiki 6 olumikizidwa mwa RAID 6. RAID 6 imapirira madisiki awiri akafa nthawi imodzi, koma malo ogwiritsa ntchito ndi a madisiki 4 okha. Tinawonjezera UPS (batire yothandiza seva magetsi akazima) ndi makina achiwiri osungirako makope m'nyumba ina. Mapulogalamu onse amene atchulidwe m'zolembazi ndi aulere, kotero ndalama zonse zinapita ku zipangizo monga madisiki, ndipo amene akukonza bajeti ya ntchito yotere adziwe kuti GB iliyonse ya zithunzi imafuna malo katatu: pa seva, pa makina a makope ndi pa kope lachitatu losalumikizidwa ku netiweki.

Vuto la gawoli linali m'chipinda cha maikulosikopu, mmene munali switch yakale ya 100 Mbps. Pa liwiro limenelo 20 GB imatenga mphindi pafupifupi 27 ngakhale zonse zitayenda bwino, pamene pa 1 Gbps imatenga mphindi zosakwana 3. N'chifukwa chake anthu ankathamangira ku madisiki oyenda nawo, ndipo sindikuwaimba mlandu. Tinasintha switch ndi mawaya ake.

5 Febuluwale: Kuika OMERO

Tinasankha OMERO, seva ya zithunzi imene inapangidwa ndi Open Microscopy Environment, ndipo ntchito yake yaikulu inachitikira ku University of Dundee m'gulu la Jason Swedlow. Chifukwa chachikulu n'chakuti imasunga fayilo yoyambirira momwe ilili ndi kuiwerenga kudzera mu Bio-Formats, ndipo chithunzi chilichonse chimalandira nambala yakeyake imene siisintha ngakhale wina atachisamutsira m'gulu lina kapena kuchisintha dzina. Imafuna Linux, Java, database ya PostgreSQL, Ice ndi Python, ndipo OMERO.web, mbali imene anthu amatsegula m'bulawuza, tinaiika kuseri kwa nginx.

Kuika kunayenda bwino potsata malangizo, koma titayesa pa makompyuta a ofufuza, OMERO.web inkatseguka pamene OMERO.insight, pulogalamu ya pa kompyuta yotumizira mafayilo, inkangodikira mpaka kutha nthawi. Chifukwa chake n'chakuti bulawuza imadutsa pa port 443, pamene OMERO.insight imalankhula ndi seva mwachindunji pa port 4064, ndipo firewall ya bungwe lathu inali yotseka port imeneyi. Oyang'anira netiweki anaitsegula kwa makompyuta a m'kati mwa bungwe okha, zimene zili zokwanira kwa ife.

Vuto lachiwiri linaoneka pa mafayilo aakulu a timagawo ta minofu. Kutumiza kunkatha, koma kachithunzi kakang'ono koonetsa zimene zili m'fayilo sikankatuluka. M'mafayilo a log munali uthenga wakuti Java yaperewera memory pokonza piramidi, ndiko kuti makope ang'onoang'ono a chithunzi chachikulu amene amathandiza kuchiona msanga. Tinawonjezera memory ya ntchito ya pixeldata kudzera m'makonzedwe a omero.jvmcfg ndi kuyambitsanso seva, ndipo mafayilowo anatha kukonzedwa usiku.

19 Febuluwale: Mayina ndi zolemba za chithunzi chilichonse

Gawoli ndi limene latenga nthawi yaitali kuposa onse mpaka pano, ndipo ndikuona kuti ndi limene lidzapindulitse kwambiri. OMERO ili ndi njira ziwiri zosanjira zithunzi. Njira ya Project ndi Dataset ndi ya zithunzi wamba, pamene ya Screen, Plate ndi Well ndi ya mbale za timabowo, ndipo imaonetsa mbale yonse pa sikirini monga momwe imaonekera pa benchi. Pa chithunzi kapena kabowo kalikonse mungamate zolemba za dzina ndi mtengo wake, monga mtundu wa maselo, dzina la mankhwala, mlingo wake ndi maola amene maselo anakhala m'mankhwalawo. Posankha zoyenera kulemba tinatsata REMBI, malangizo a metadata ya zithunzi za zamoyo amene anasindikizidwa mu Nature Methods mu 2021, ngakhale kuti tinachepetsa mndandandawo kuti munthu athe kuudzaza asanatope.

Mavuto anali ang'onoang'ono koma ochuluka. Tchanelo yomweyo inalembedwa DAPI m'mafayilo ena, dapi m'ena, Ch1 m'ena, ndipo m'mbale zina munali dzina la DAPI pamene kope la labotale linkasonyeza kuti utoto unali Hoechst, chifukwa zonse ziwiri zimajambulidwa ndi fyuluta imodzi ndipo palibe amene anasintha dzinalo pa makina. Mlingo wa mankhwala unalembedwa µM, uM ndi nM m'ndime imodzi ya tebulo. Chimene chinatichedwetsa kwambiri chinali dzina la kabowo: matebulo a ofufuza ankalemba A1, pamene mafayilo a makina ankalemba A01, kotero polumikiza ziwirizi timabowo ta mizere 1 mpaka 9 tinasowa tonse ndipo tinangotsala ta mizere 10, 11 ndi 12. Script sinapereke chenjezo lililonse, inangotulutsa tebulo lalifupi.

Tinakonza tebulo limodzi la CSV lachitsanzo lokhala ndi mayina ovomerezeka, mlingo m'ndime yake ndi muyezo m'ndime ina, ndipo script tsopano imakana kupitirira ngati timabowo tolumikizidwa sitikukwana 96 kapena chiwerengero chimene wofufuza wanena. Zolembazo zimalowa mu OMERO kudzera mu omero-metadata. Tinaletsanso kutsegula mafayilo a CSV amenewa m'mapulogalamu a matebulo osayamba mwaika ndime zonse kukhala mawu, popeza mapulogalamu otere amasandutsa mayina ena a majini kukhala madeti. Vutoli linakula mpaka komiti ya HGNC, imene imapereka mayina a majini a anthu, inasintha mayina monga SEPT1 ndi MARCH1 kukhala SEPTIN1 ndi MARCHF1 pofika mu 2020, koma matebulo athu akale ali ndi mayina akalewo.

4 Malichi: Kubwezeretsa kukula kwa pixel

Ma TIFF amene mafayilo awo oyambirira anatayika tinafuna kuwapulumutsa. Kukula kwa pixel kumawerengeredwa pogawa kukula kwa pixel ya kamera ndi mphamvu ya lenzi. Pixel ya kamera yathu ndi 6.5 µm, choncho pa lenzi ya 20x pixel imodzi ya chithunzi ndi 0.325 µm, ndipo pa 10x ndi 0.65 µm. Chosokoneza ndi binning, njira yophatikiza ma pixel oyandikana kuti kamera ithe kuona ngakhale kuwala kochepa. Binning ya 2x2 pa lenzi ya 20x imaperekanso 0.65 µm. Munthu akangowerenga "20x" pa dzina la fayilo n'kuika 0.325 µm pa chithunzi chimene chinali ndi binning, utali uliwonse umachepa ndi theka ndipo kukula kwa dera la nyukiliyasi kumachepa kanayi. Chinatithandiza kusiyanitsa ndi kukula kwa chithunzicho, pakuti cha binning ya 2x2 chimakhala 1024 ndi 1024, malinga ngati sichinadulidwe.

Sitinadalire masamu okha. Tinajambula stage micrometer, kagalasi kokhala ndi mizere yoyezedwa bwino, pa lenzi iliyonse, ndi kuyeza mizereyo mu Fiji. Fiji ndi ImageJ yobwera ndi ma plugin ambiri oikiratu, ndipo ImageJ inalembedwa ndi Wayne Rasband ku National Institutes of Health ndi kutulutsidwa mu 1997. Miyezo inagwirizana ndi masamu pa malenzi onse kupatula pamene kagalasi kowonjezera mphamvu ka 1.5x kanali kosiyidwa panjira ya kuwala, chinthu chimene dzina la fayilo silinena. Pa zenera la Set Scale pali bokosi la Global, ndipo likachongedwa muyezo umodzi umagwira zithunzi zonse zotsegulidwa, kuphatikizapo za lenzi ina. M'malangizo a labotale talemba kuti bokosili lisachongedwe. Ma TIFF amene sitinathe kutsimikiza lenzi yake tawasunga ndi chizindikiro chakuti ndi owerengera maselo kokha, osati oyezera kukula.

18 Malichi: Kuwala kosafanana

Titalumikiza malo 9 a kabowo kamodzi kukhala chithunzi chimodzi, panaoneka mizere yakuda yopingasana, yogawa kabowoko m'timabwalo 9. Pakati pa kabwalo kalikonse manyukiliyasi ankawala bwino, koma polowera kumakona ankazilala pang'onopang'ono, ndipo ngodya ya kumanzere m'munsi inali yakuda kuposa zinazo pa malo onse. Pa chithunzi chimodzi chokha diso silinkaona kusiyanaku. Tanthauzo lake pa miyezo n'lakuti selo lomwelo likanapatsidwa nambala yosiyana malinga ndi pamene lagwera m'chithunzi.

Tinayamba ndi makinawo, kuwongola njira ya kuwala, ndipo ngodya yakudayo inachepa, koma kuzilala kwa m'mbali kunatsala monga zimakhalira pa maikulosikopu ambiri. Chotsalacho tinachikonza pa kompyuta. Pamafunika zithunzi ziwiri zothandizira: chamdima, chojambulidwa kuwala kutatsekedwa, chimene chimaonetsa nambala imene kamera imawonjezera pa pixel iliyonse, ndi cha kuwala kosalala, chimene chimaonetsa momwe kuwala kwagawikira. Mumachotsa chamdima ku chithunzi chenicheni, mumachichotsanso ku cha kuwala kosalala, kenako mumagawa choyamba ndi chachiwiri. Mukalumpha kuchotsa chamdima, madera akuda a m'mbali amakwezedwa mopitirira.

Pa mbale zakale panalibe zithunzi zothandizirazi, choncho tinawerengera kagawidwe ka kuwala kuchokera m'zithunzi za mbaleyo. CellProfiler, pulogalamu ya ku Broad Institute imene gulu la Anne Carpenter linafotokoza koyamba mu 2006, ili ndi CorrectIlluminationCalculate ndi CorrectIlluminationApply za ntchito imeneyi. Tinawerengera pa mbale iliyonse ndi tchanelo iliyonse payokha, pogwiritsa ntchito zithunzi zonse za mbaleyo. Njirayi imayenda bwino ngati maselo amwazikana mofanana m'chithunzi. M'mbale zina maselo anaunjikana m'mphepete mwa timabowo, ndipo pulogalamuyo inaona kuunjikanako ngati kuwala kochuluka. Pa mbale zimenezo plugin ya BaSiC ya mu Fiji inapereka zotsatira zosalala bwino, koma tazilemba padera kuti wowerenga zotsatira adziwe kuti zinakonzedwa mwa njira ina.

Panatulukanso nkhani ina. CellProfiler imasandutsa kuwala kukhala nambala za pakati pa 0 ndi 1. Zithunzi zina zinajambulidwa pa 12-bit, mmene nambala yapamwamba ndi 4,095, koma zinasungidwa m'mafayilo a 16-bit, mmene yapamwamba ndi 65,535. Zikagawidwa ndi 65,535, pixel yowala kotheratu imangofika pafupifupi 0.0625, ndipo malire a kuwala amene tinaika pa mbale za 16-bit sankapeza kanthu. Chomwechonso chinabisa ma pixel odzaza, amene kamera inafika pamapeto ake, chifukwa mayeso athu ankawafunafuna pa 65,535. Tsopano script imawerenga ma bit enieni kuchokera mu metadata ndi kuika chizindikiro pa chithunzi chilichonse chokhala ndi ma pixel odzaza ambiri. Chithunzi chotere chingawerengeredwe maselo, koma kuwala kwake sikungayezedwe.

8 Epulo: Kulekanitsa manyukiliyasi ndi maselo

Tisanayese pulogalamu iliyonse tinakonza zithunzi zoyesera. Tinasankha zithunzi za maselo ochepa, za maselo odzaza, za maselo akufa ndi zina zosaoneka bwino, ndipo anthu awiri anazungulira nyukiliyasi iliyonse ndi manja mu QuPath, aliyense payekha, osadziwa mankhwala amene anaikidwa m'kabowoko. QuPath inapangidwa ndi Pete Bankhead makamaka pa zithunzi zazikulu za minofu, koma zida zake zojambulira malire n'zabwino pa ntchito ngati iyi. Pamene awiriwo anasiyana tinakambirana ndi kulemba chigamulo, mwachitsanzo chakuti selo limene likugawanika liwerengedwe limodzi mpaka magulu awiri a ma chromosome atapatukana moonekeratu. Poyerekeza pulogalamu ndi ntchito ya manja, nyukiliyasi imatengedwa kuti yapezeka ngati dera limene malire awiriwo akugwirizana ndi theka kapena kuposa la dera lawo lonse pamodzi.

Njira yoyamba inali IdentifyPrimaryObjects ya mu CellProfiler, yokhala ndi malire a kuwala a Otsu, njira ya mu 1979, ndi watershed yolekanitsa zogundana. M'timabowo ta maselo ochepa inagwira bwino ndipo ndi yofulumira. M'timabowo todzaza inkaphatikiza manyukiliyasi awiri kapena atatu kukhala chinthu chimodzi, ndipo titaikhwimitsa kuti iwalekanitse inayamba kudula pakati manyukiliyasi aatali. Izi n'zoopsa kuposa momwe zimaonekera, chifukwa timabowo todzaza ndi topanda mankhwala, pamene ta maselo ochepa ndi ta mankhwala amphamvu. Kuwerenga mochepa m'timabowo todzaza kumachititsa mankhwala kuoneka ofooka kuposa momwe alili.

Njira yachiwiri inali StarDist, imene Uwe Schmidt, Martin Weigert ndi anzawo anafotokoza mu 2018. Imaona nyukiliyasi iliyonse ngati chinthu chimene malire ake onse angafikidwe ndi mizere yochokera pakati, ndipo pa manyukiliyasi ogundana inachita bwino koposa. Vuto lake linaoneka m'timabowo topanda maselo, mmene inapeza manyukiliyasi ambirimbiri. Chithunzi chisanalowe mu StarDist kuwala kwake kumatambasulidwa pakati pa ma percentile 1 ndi 99.8 a chithunzicho, ndiko kuti kuyambira pafupi ndi pixel yakuda koposa mpaka pafupi ndi yowala koposa. M'chithunzi chopanda selo chimene chimatambasulidwa ndi phokoso la kamera ndi tizinyalala, mpaka timaoneka ngati timadontho towala. Tinakonza m'njira ziwiri: malire otambasulira amawerengeredwa kuchokera pa mbale yonse m'malo mwa chithunzi chimodzi, ndipo chinthu chilichonse chimene kuwala kwake m'fayilo yoyambirira sikuposa bwino kuwala kwa kumbuyo chimachotsedwa.

Pa thupi lonse la selo tinagwiritsa ntchito Cellpose, ya Carsen Stringer, Marius Pachitariu ndi anzawo a ku Janelia Research Campus, yofotokozedwa mu Nature Methods mu 2021. Model yake ya cyto inaphunzitsidwa pa maselo a ma pixel pafupifupi 30 m'mimba mwake, ndipo imakulitsa kapena kuchepetsa chithunzi malinga ndi nambala ya diameter imene mwaipatsa. Titaisiya kuti iziyerekeza yokha pa chithunzi chilichonse, nambalayo inkasinthasintha pakati pa timabowo, ndipo malire a maselo ankasintha nayo. Tinayeza maselo mu Fiji ndi kuika nambala imodzi pa mtundu uliwonse wa maselo ndi lenzi iliyonse. Apa ntchito ya pa 4 Malichi inabweza phindu, pakuti diameter imawerengeredwa kuchokera ku ma µm ndi kukula kwa pixel kolembedwa mu OMERO.

Chogula cha gawoli chinali GPU imodzi, khadi la mu kompyuta lofulumizitsa masamu a mapulogalamuwa, popeza popanda iyo mbale imodzi inkatenga nthawi yosapiririka. StarDist imayenda pa TensorFlow pamene Cellpose imayenda pa PyTorch, ndipo kuziika pamodzi kunabweretsa kusagwirizana kwa malaibulale a CUDA. Tinazipatsa conda environment (malo apadera oikamo malaibulale) iliyonse yake ndi kulemba ma version onse m'fayilo yosungidwa mu Git, pulogalamu yosunga mbiri ya kusintha kwa mafayilo, pamodzi ndi ma script.

29 Epulo: Kulumikiza nambala ndi chithunzi

Mzere uliwonse wa tebulo la zotsatira tsopano uli ndi nambala ya chithunzi ya mu OMERO, dzina la mbale ndi kabowo, malo a selo m'chithunzi ndi nambala ya commit ya Git yosonyeza version ya script imene inayeza. Malire a manyukiliyasi amabwezedwa mu OMERO ngati ma ROI, madera ozunguliridwa pa chithunzi, kotero wofufuza akakayikira nambala ina amatsegula chithunzicho mu OMERO.iviewer ndi kuona ndi maso ake chimene pulogalamu inazungulira. Titayesa kukweza malire a maselo onse a mbale zonse database inayamba kulemera, choncho timakweza a malo amodzi pa kabowo kalikonse, ndipo otsalawo timawasunga ngati zithunzi za mask zomatidwa pa mbaleyo.

Njira yoonera imeneyi inatulutsa msanga chinthu chimene matebulo okha sakanaonetsa. Timabowo ta m'mphepete mwa mbale tinali ndi maselo osiyana maonekedwe ndi ta pakati, zimene zimadziwika kuti zimachitika madzi akamauma msanga m'mphepete. Ili si vuto la pulogalamu, ndipo pulogalamu singalikonze. Ofufuza agwirizana kudzaza timabowo 36 ta m'mphepete ndi madzi okulitsira maselo okha ndi kugwiritsa ntchito timabowo 60 ta m'kati.

Tinakambirananso kawerengedwe ka zotsatira. Mbale imodzi imatulutsa maselo masauzande ambiri, ndipo n'zokopa kutenga selo lililonse ngati kuyesa kodziimira pakokha. Maselo a m'kabowo kamodzi anakulira m'madzi amodzi ndi kupakidwa utoto nthawi imodzi, choncho si odziimira. Script imayamba yapeza nambala yapakati ya kabowo kalikonse, ndipo kuyerekeza mankhwala kumachitika pakati pa kuyesa kobwerezedwa pa masiku osiyana. Ine ndinaumirira pa mfundoyi ngakhale kuti imachepetsa zotsatira zooneka zamphamvu, chifukwa nambala zathu zonse zikanakhala zopanda ntchito ngati sitepe yomalizayi ikanakhala yokhota.

13 Meyi: Kuyesa kubwezeretsa makope

OMERO imasunga zinthu pawiri: mafayilo ali m'foda ya deta, pamene mayina, zolemba, ma ROI ndi eni ake zili mu PostgreSQL. Kope la mbali imodzi yokha silithandiza. Usiku uliwonse pg_dump imatulutsa kope la database, kenako rsync imakopera foda ya deta ndi kopelo ku makina achiwiri. Tinayesa kubwezeretsa zonse pa kompyuta ina yopanda kanthu. Database inabwerera, koma zithunzi zinakana kutseguka chifukwa mafayilo anafika ndi umwini wa akaunti ina ya Linux, ndipo akaunti imene imayendetsa OMERO inalibe chilolezo chowawerenga. Tinasintha rsync kuti izisunga umwini, tinafananitsa nambala za akaunti pa makina onse awiri, ndipo pa kuyesa kotsatira zithunzi zinatseguka ndi zolemba zake, SHA-256 ya mafayilo amene tinasankha ikugwirizana ndi kalembera wa mu Januwale.

27 Meyi: OME-Zarr ndi zotsala

Ogwira nafe ntchito a kunja kwa bungwe anapempha zithunzi za minofu m'mtundu wotseguka. TIFF wamba imalekezera pa 4 GB, choncho zazikulu zimafuna BigTIFF. Tinagwiritsa ntchito bioformats2raw ndi raw2ometiff, zida za Glencoe Software, kutulutsa OME-TIFF yokhala ndi piramidi, ndipo inatseguka bwino mu QuPath ndi mu Fiji. Tinayesanso kusiya zithunzi mu OME-Zarr, mtundu umene umadula chithunzi m'tizidutswa kuti munthu athe kuwerenga kachigawo kamene akufuna kokha pa intaneti, ndipo mu napari, pulogalamu yoonera zithunzi, kuyenda m'chithunzi kunali kosalala. Chovuta chinali pa makope a usiku, pakuti chithunzi chimodzi chinasanduka timafayilo masauzande ambiri ndipo rsync inkataya nthawi yambiri kungowerenga mayina. Kukulitsa tizidutswato kunachepetsa vutoli osalithetsa. Pakadali pano zotumiza kunja zikhala OME-TIFF, ndipo OME-Zarr tidzaibwerera tikadzakhala ndi malo osungira mafayilo ofikidwa kudzera pa intaneti, a mtundu wa S3.

Zatsala ntchito zitatu. Zithunzi za pepala limene likulembedwa ziyenera kutumizidwa ku BioImage Archive ya EMBL-EBI, ndipo ndime zina za REMBI zimene tinazisiya mu Febuluwale, makamaka za kakonzedwe ka zoyesedwa, ziyenera kudzazidwa kaye. Zithunzi zoyesera zojambulidwa ndi manja zili za mtundu umodzi wa maselo, pamene labotale ikuyamba mtundu wachiwiri wokhala ndi manyukiliyasi opindika amene mwina sangagwirizane ndi kaganizidwe ka StarDist, choncho anthu awiri aja ayambanso kuzungulira manyukiliyasi sabata yamawa. Chachitatu ndi kutumiza mafayilo kuchokera pa kompyuta ya maikulosikopu kupita mu OMERO popanda munthu kudina kanthu. Script yake yalembedwa, koma nthawi zina imatenga fayilo makina asanamalize kuilemba, ndipo tikuyesa kuidikiritsa mpaka kukula kwa fayiloyo kutasiya kusintha kwa mphindi zingapo isanayambe kutumiza.